Msonkhano wa Komiti ya Makolo pa Nkhani ya Kanema wa Kanungu wa M'nyanja

Tsiku: Lachisanu, 14 Juni 2024
Malo: Kalasi ya Fomu 3, Sekondale Yoyendera ya Mwalawankhunda, kufupi ndi Bembeke
Opezeka: Bambo Ezara Ngozo (wapampando), Bambo Rafaelo Chidzanja (mlembi), Mayi Magadalena Zikhalo, Bambo Themba Nyoni, Bambo Anselmo Kadzuwa (mphunzitsi wa Bayoloje, woitanidwa)
Osapezeka: Mayi Monika Gwaza (ali ku maliro ku Linthipe)

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 2 koloko masana ndi pemphero. Mayi Zikhalo anakana benchi yoyang'anana ndi a Nyoni, amene ndi akamwini awo, ndipo anakakhala kukhomo. Komiti yonse ikudziwa chifukwa chake. Alile, mwana wa mayiwa, wapita padera kawiri, ndipo chaka chatha a Nyoni anachotsedwa pa chikamwini powaganizira kuti anali ndi chibwenzi chamseri, n'kumudula mkazi wawo. Iwo amakana mpaka lero, ndipo akugona kwa achimwene awo.

2. Dandaulo la kanema

Mayi Zikhalo anadandaula kuti a Kadzuwa anaonetsa ana a Fomu 3 kanema wa mmene mimba imayambira, anyamata ndi atsikana ali pamodzi, nkhani yomwe eni ake ndi anankungwi. Anapempha kuti kanemayo aletsedwe.

A Kadzuwa anayankha kuti mu kanemamo mulibe munthu. Muli dzira la kachilombo ka m'nyanja ya mchere, kaminga thupi lonse ngati kanungu, ndipo akatswiri amakonda dzirali chifukwa limaonekera mkati. Mayi Zikhalo anafunsa kuti kanungu wa m'nyanja akufuna chiyani ku Dedza kuno.

Wapampando anati kuona maso a nkhono n'kudekha, komiti iyambe yaonera yokha. A Nyoni anati sangaonere zoterezi pamodzi ndi apongozi awo, ndipo anatuluka kukaima pakhonde, kunja kuli nkhungu ndi mawawa.

3. Kuonera kanema

Kanema anaonetsedwa pa laputopu. Dzira linagawikana pawiri, kenaka panayi, mpaka linasanduka kampira ka tizigawo tambirimbiri totchedwa maselo. A Kadzuwa anafotokoza kuti kunja kwa maselowo kumakhala mapuloteni amene amawagwiriza ngati matope pakati pa njerwa, ndipo ena amayalika ngati tiulusi tomwe maselo amakwawapo popita kukaumba matumbo ndi timafupa. Wapampando anati zolaula sakuziona, akungoona thovu. Mlembi nayenso sanazione.

M'gawo lachiwiri akatswiri anathira mankhwala osokoneza mapuloteniwo. Kampira kanaumbika bwinobwino, koma matumbo sanapangike, ndipo mluza unalekera pomwepo kukula. Mayi Zikhalo anapempha kuti gawoli libwerezedwe. Linabwerezedwa katatu, batire mpaka kuchenjeza.

Kenaka mayiwa anafunsa ngati zimachitikanso kwa munthu. A Kadzuwa anati iwo si dokotala, ndipo munthu si kanungu, koma n'zodziwika kuti mimba zambiri zochoka m'miyezi yoyamba zimachoka chifukwa china chake sichinaumbike bwino mu mluza momwemo. Anati za munthu mmodzi payekha akafunse kuchipatala, mkazi ndi mwamuna limodzi.

Mayi Zikhalo anati, "Popanda wolakwa?"

A Kadzuwa anati, "Nthawi zambiri popanda wolakwa, mayi."

Wapampando anafunsa ngati pali wothirira ndemanga, ndipo panalibe.

4. Chigamulo

Komiti inagwirizana kuti kanema apitirire kuonetsedwa. Mayi Zikhalo sanachotse dandaulo lawo lonse. Anaumirira kuti anyamata aziona paokha, atsikana paokha, ndipo a Kadzuwa anavomera monyinyirika, ati ntchito yawachulukira kawiri. Voti sinachitike popeza membala mmodzi anali akadali pakhonde, ndipo tonse tinali titamuiwala.

5. Zina ndi zina

(a) Wapampando anakumbutsa za mawindo osweka a Fomu 1. Nkhaniyi yasiyidwanso, monga mwa masiku onse.

(b) Mayi Zikhalo anapempha kuti a Nyoni aitanidwe. Analowa jekete itanyowa, akunjenjemera. Mayiwa sanawayang'ane, anayang'ana wapampando n'kunena kuti: "Muwauze akamwini anga kuti kachewere kumunda kwa Alile wakhwima, wokumba palibe. Abwere mawa, atenge ndi zovala zawo."

Wapampando anabwereza uthengawo mawu ndi mawu, ngakhale eni ake anali ataimirira pomwepo. A Nyoni anagwada n'kuomba m'manja. Wapampando anati nkhaniyi si ya komiti ndipo isalembedwe. Mlembi wailemba.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachisanu, 12 Julaye 2024, pamalo omwewa. Mayi Zikhalo anatseka ndi pemphero nthawi ya 4 koloko, ndipo m'pempherolo anatchula Alile ndi amuna ake.

Wapampando: Ezara Ngozo ____________

Mlembi: Rafaelo Chidzanja ____________