Bambo wa Papepala

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi akazi anu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo, ndipo chifukwa chake ndinu.

Foni yanga simukuyankha, ndiye ndati ndilembe. Kalata ilibe batani lodulira.

Mwana wa malemu mng'ono wanu wasankhidwa kusukulu ya unamwino. Akufuna chiphaso cha unzika mwezi uno usanathe, apo ayi malo ake apatsa wina. Masiku anayi takhala tikusuntha pabenchi ya ku ofesi ya ziphaso, mpaka tinafika pawindo lachitatu, la galasi lomata ndi tepi.

Mayi wa pawindopo anatifotokozera bwinobwino. Akuti zoti mwanayu anabadwira kunja si mlandu, bola bambo akhale nzika ya kuno ndipo abwere adzasayine. Ine unzika wa kuno ndilibe, paja ndinangobwera ndi ukwati kuchokera kutsidya. Kwathuko nako anandiyankha kuti kubadwira m'chipatala chawo sikupatsa munthu dziko, iwo amatsata bambo. Ndiye mwanayu ndi wa kuti? Wa m'malere?

Ndinati bambo ake anamwalira. Mayi uja anayang'ana kalata ya kubadwa, kenako pakompyuta, n'kundifunsa kuti amwalira liti, poti chaka chathachi anadzatenga chiphaso chatsopano. Anthu pamzere anaseka. Mwana anangozolika.

Alamu, dzina lili papepalalo ndi lanu, ndipo mukudziwa mmene linafikirapo. Mng'ono wanu analowa ntchito ku fakitale ya kutsidya ndi chiphaso chanu, poti chake chinali chisanatuluke. Munamupatsa ndinu, ndi manja anu. Zaka zonse zija akapitawo ankamuitana dzina lanu, iye n'kumavomera.

Mbali yanga sindikana. Tsiku lomwe ndinachira, namwino atafunsa dzina la bambo, ndine ndinatulutsa chiphasocho m'chikwama. Ndinaopa kuti tikanena zoona amuchotsa ntchito. Ndasunga zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo Lachiwiri lapitali ndinamuululira mwana tikudikira basi.

Ku ofesi akuti njira ilipo. Mubwere mudzalumbire kuti chiphaso munabwereketsa, ndipo bambo womubereka ndi mng'ono wanu, nzika ngati inu nomwe.

Ndiye ndamva kwa mlongo wanu kuti mukuti simungadziputire milandu ndi nkhani yakalekale. Mantha ndikuwamvetsa. Nanenso dzina langa lili m'kalata yolumbirayo, koma ine ndasayina kale.

Mukutinso akazi anu akaona pepalalo aganiza kuti mwanayu ndi wanudi. Koma abale inu! Ine ndi inu? Ngakhale kumaloto! Apatseni foni ndiwafotokozere ndekha, sizitenga mphindi zisanu.

Ndakwiya, alamu, sindikubisirani. Tsiku la maliro munaimirira mu jekete yanu yakuda, pamaso pa anthu onse, n'kunena kuti tisalire, mwanayu si wamasiye, bambo ake aakulu mulipo. Anthu anagwedeza mitu, ine ndinakukhulupirirani. Mawu amenewo tinawakwirira limodzi ndi bokosi?

Mwana anagula kale nsapato zoyera za kusukuluko. Zili m'katoni pansi pa bedi. Dzulo ndinamupeza akuzikulunganso bwinobwino mu pepala lake, akuti mwina kusitolo angavomere kuzibweza.

Lolemba ofesi atsegula eyiti koloko. Tidzakhala pabenchi ija, ndipo malo anu tikusungirani pakati pathu. Mukapanda kubwera sindidzakuimbiraninso. Ndidzamubweretsa kwanu ndi katoni yakeyo, mudzamuuze nokha kuti ndi mwana wa ndani.

Mulungu akusungeni, achize mwendowo kuti ukufikitseni kuno. Mundiperekere moni kwa akazi anu ndi ana onse.

Ndine mlamu wanu,
Mayi wa mwana wanu