Matambula Odzaza Mpaka M'milomo

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kuyenda, kapena mukungolimba mtima monga mwa masiku onse? Ine kuno ndili bwino kwambiri. Khalani pansi kaye, chifukwa nkhani ndili nayoyi ndi yaikulu, ndipo theka la mlandu wake ndi lanu. Iwe mng'ono wanga amene ukuwawerengera kalatayi, uwerenge modekha, usadumphe mawu.

Mukudziwa kuti zaka zitatu tsopano ndakhala pasinki mulesitilanti muja, kutsuka mapoto ndi mbale. Chitofu ndimangochimvera kumsana. Mwezi watha mkulu wa ophika, amene timawatchula kuti a Chisoti chifukwa cha chipewa chawo choyera chachitali, analengeza kuti kuchitofu kukufunika munthu mmodzi. Anati adzasankha akaona mmene tigwirire ntchito pa chikondwerero cha zakudya ndi vinyo chimene mzinda uno umachita chaka ndi chaka. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo.

Chikondwererocho, chomwe chimatenga masiku awiri, chinayamba Loweruka lapitali. Amayi, chibadwire sindinaone zotere! Anatseka msewu waukulu wonse n'kumanga matenti mbali zonse ziwiri, mpaka kumene maso amalekezera. Utsi wa nyama yowotcha, fungo la buledi wongophulidwa kumene, tchizi zikuluzikulu ngati matayala a wilibala, oimba malipenga pamphambano, ana akuthamanga milomo ili mbuu ndi shuga. Anthu anatchena ngati akupita ku ukwati, aliyense tambula yake m'manja, akulowa tenti iyi n'kutulukira ina.

Ife tinkagulitsa buledi wokhala ndi nyama pamwamba, ndipo vinyo anali wa mlamu wa eni lesitilanti, amene ali ndi munda wa mphesa. Ntchito yanga inali yotsuka matambula m'beseni kuseri kwa tenti. Koma mnzathu amene amayenera kuthira vinyo anadzuka tsaya litatupa ndi dzino. A Chisoti anandikoka dzanja, n'kundiveka epuloni yoyera, n'kundiimika patebulo la mabotolo. Anangoti aliyense amene abwere ndi tambula ndimuthirire alawe, basi n'kuthamangira kumoto.

Apa ndi pamene mukubwerapo inu. Mukukumbuka tsiku lija munanditsina khutu chifukwa ndinapatsa amalume tiyi wa theka la kapu? Munandiuza kuti kupatsa mlendo kapu yosadzaza n'chimodzimodzi kumuuza kuti anyamuke azipita. Khutu limenelo silinaiwale. Bambo woyamba atanditambasulira tambula, ndinathira mpaka m'milomo. Anayang'ana tambula, n'kuyang'ana ine, n'kundifunira madalitso ambiri, kenako anachoka pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira.

Pasanapite nthawi mzere wa patenti yathu unakafika pamphambano paja. Ine kunyada! Ndikasuzumira m'matenti oyandikana nafe, ndinkaona akuthira timadontho tongonyowetsa pansi pa tambula, mumtima n'kumati anthu awa ndi oumira bwanji. Ndinafika mpaka ponong'oneza mayi wa tenti ya kumanja kuti asamachititse alendo manyazi chotero. Anaseka mpaka kukhala pansi pa kreti, ine osadziwa chimene akuseka.

Anthu aja akamwa, njala inkawagwira, ndiye ankagula chakudya chathu mosalekeza. A Chisoti ankangotembenuza nyama akuimba mluzu, osadzutsa mutu. Anadzautukula itadutsa 2 koloko, pamene anabwera kudzatenga mabotolo okonzera oweruza, anthu atatu amene amazungulira matenti onse kulawa ndi kusankha opambana. Anapeza m'makreti muli mabotolo opanda kanthu okhaokha. Vinyo wa masiku awiri ndinali nditamugawa yense.

Anavula chisoti chija, Amayi. Zaka zitatu zonsezi sindinkadziwa kuti ali ndi dazi. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifotokozera motsitsa mawu kuti pa chikondwerero chotere munthu amathiriridwa wongokwana zala ziwiri, chifukwa ali ndi matenti ambirimbiri oti alaweko. Anatulutsa botolo limodzi limene anabisa pansi pa tebulo, koma choperekera botololo panalibe, chifukwa nyama yonse inali itatha, ndipo galimoto yobweretsa ina inakanika kudutsa poti msewu unali wotseka. Oweruza anali atatsala matenti asanu kuti afike. Anangondiuza kuti tidzakambirana Lolemba. Ndinadziwa kuti chitofu chandiphonya, ndipo mwina ndi sinki yomwe.

Ndinapita kuseri kwa tenti n'kukalira pang'ono pabeseni langa. Ndikupukuta maso, ndinaona dengu limene tinkataya zotsala: mitu ya buledi, anyezi, ndi tomato wopsa kwambiri amene anakanidwa m'mawa. Ndinakumbukira msuzi wanu uja, wa masiku amene m'nyumba munalibe china chilichonse, umene ndimaphikira anzanga masana a Chisoti akatuluka. Sindinapemphe chilolezo. Ndinatenga mpeni ndi chiwaya n'kukaima pamoto. A Chisoti atandiona anangosunthira kumbali n'kundisiyira malo.

Ndinakazinga anyezi mpaka atafiira, monga munkachitira, osafulumira. Mitu ya buledi ndinaiwamba, n'kuthira msuzi pamwamba. Ndikuika mbale yachitatu patebulo, oweruza anatulukira: abambo awiri ndi mayi wachikulire wa magalasi omangirira chingwe.

A Chisoti anathira vinyo okha, zala ziwiri ndendende, uku akundiyang'ana. Oweruza anazunguza matambula, n'kununkhiza, n'kupsontha. Kenako onse atatu analavulira m'ndowa! Ine ndinkangoti vinyoyo wawonongeka. Mnzanga wina ananditsina n'kundinong'oneza kuti ndi mmene amachitira kuti asaledzere. Inu mukanakhalapo mukanawathamangitsa ndi tsache.

Atatero anatenga buledi wanga. Mayi wa magalasi uja analuma kamodzi, n'kusiya kulemba. Ndowa ija sanaiyang'anenso. Anamaliza zonse, n'kutenga mutu wina wa buledi, n'kupukutira mbale mpaka inayera ngati ndaitsuka ine. Atafunsa kuti waphika ndani, a Chisoti anandiloza ndi chibwano.

Mphoto sitinapate, inapita kwa ophika nsomba a kumapeto kwa msewu. Koma Lolemba a Chisoti anandiitana n'kundiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ndisadzagwirenso botolo la vinyo iwo ali moyo. Chachiwiri, kuyambira pa 1 mwezi wamawa ndikupita kuchitofu, ndipo msuzi wanu ulembedwa pa mndandanda wa zakudya zimene alendo amasankha. Amayi, ndinalumpha ngati mwana! Ndinakumbatira ngakhale wa dzino uja, ndikuiwala tsaya lake.

Tsono pempho langa ndi ili. M'khitchini mwa a Chisoti simuphikidwa chinthu chopanda miyeso yolembedwa papepala. Atandifunsa kuti ndimathira zochuluka bwanji, ndinayankha monga mumayankhira inu, kuti dzanja limadziwa lokha. Iwo anati dzanja lomwelo ndi limene linamaliza vinyo wa masiku awiri. Choncho chonde sabata ino muphike msuziwo mng'ono wanga ali pambali ndi supuni ndi kope. Chilichonse chimene mwatapa, achiwakhe m'supuni chisanagwere mumphika, ayese, alembe. Musamukalipire kuti akukuchedwetsani.

Ndiponso kanthu kaja mumaponyamo kumapeto mutatifulatira, nthawi yakwana yoti muulule. Msuzi wanga anthu akuuyamikira, koma ine ndikaulawa ndimadziwa kuti sunafike pa wanu. Kalata yanu indipeze mwezi uno usanathe.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa abambo aang'ono ndi ana awo, ndi kwa alamu anga. Amalume a tiyi aja muwauze kuti nkhani yonseyi inayambira pa kapu yawo. Musade nkhawa, vinyoyo ine sindinalawe ngakhale dontho, ndinali wotanganidwa kumwetsa mzinda wonse.

Bondo likalola, mudzabwere mudzandione. Mudzandipeza nditayang'ana kumoto, sinki ili kumsana. Ndidzakukhazikani patebulo la pawindo, ndipo tiyi wanu ndidzathira ndekha mpaka m'milomo, a Chisoti akuona.

Ndine mwana wanu woyamba,
wa khutu lotsinidwa lija.