Ahedi Atupa Mimba

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine kuno ku Kapata ndadzuka ndi mkwiyo, ndipo popeza munandilera kuti akulu sayankhidwa, ndati ndikhuthulire inu amene simungathenso kundiletsa.

Ndiyambe ndi zabwino, mungati Esinati sanasinthe. Mng'ono wanga Lonesi anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Achimwene a Yotamu ku Madzimoyo akolola mtedza wambiri moti akusowa poyanika. Chimanga chokha ndicho chawanyoza chaka chino. Mpopi wa panja uja ukudonthabe.

Tsopano imvani: Ahedi akudwala. Ndikunena nsomba yanu yofiira ija, imene ndinakugulirani mutapuma pa uphunzitsi. Wogulitsa ankati ndi beta, inu n'kuitcha Ahedi chifukwa imayenda itatambasula zipsepse ngati ahedi atavala mkanjo pa tsiku lotsekera sukulu. Lero kunyada konse kuja kwatha. Mimba yatupa, akungoyandama cham'mbali pamwamba pa madzi, akati amire akulephera.

Musaganize kuti ndine ndawalekerera. Pepala la malamulo lija munamata pakhoma likadalipo, ndipo chimwalirireni inu sindinaphwanyepo ngakhale limodzi. Timibulu titatu m'mawa, tiwiri madzulo, Lamlungu osadya. Madzi a pampopi ndimayamba ndawagoneka mu ndowa n'kudonthezamo mankhwala aja, ndipo Loweruka lililonse ndimangochotsa pang'ono, osati onse. Sopo sayandikira galasi limene amakhalamo. Chivundikiro sindiiwala, paja tsiku lina analumpha n'kugwera pa Baibulo lanu. Kuzizira kwa Juni kuno magetsi akazima, kachotenthetsera madzi n'kuleka, ndimafunditsa galasilo bulangeti lanu. Ahedi anali bwino, Amayi, mpaka anamanga kachisa kawo ka thovu pakona.

Anatibweretsera zimenezi ndi alamu anu, azakhali a Nazulu. Anabwera kuchokera ku Tamanda kudzakambirana za chiliza chanu, n'kukhala sabata yonse. Tsiku loyamba anandipeza ndikuwerenga timibulu m'chikhatho. Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Esinati, chimenecho ndiye chakudya? Nanga ndi mapilitsi?" Ndinawafotokozera mwaulemu mawu anu aja, akuti kamimba ka nsombayi n'kofanana ndi diso lake. Anangoti, "Ooh."

Ine ndikapita ku ntchito, iwo ankayamba ntchito yawo. Timibulu ankatapa ngati mchere. Ankanyenyeramo zitumbuwa, ankasinjiramo kapenta. Ndipo inu mukuwadziwa Ahedi, sakana. Pofika Lachisanu madzi anali ngati thobwa, fungo lake losaneneka. Ndinaimbira foni wogulitsa uja, iye anati ndisinthe madzi pang'onopang'ono ndipo nsombayo isalawe kanthu masiku atatu, mwina ipulumuka.

Azakhali atamva za masiku atatuwo anaika kapu pansi. Achimwene a Yotamu, amene anabwera pa nkhani ya chilizayo, analipo, akazi awonso analipo. Anati, "Mwana iwe, mtima wako unaumbidwa ndi chiyani? Mayi ako unawamana mpaka analowa m'manda ali ndi njala. Lero ukufuna kupha ndi kanyama kawo komwe?"

Amayi, palibe anandiyankhira. Achimwene anangoyang'ana foni yawo ngati yalira. Ine ndinali nditagwada, thireyi ili m'manja, ndipo ndinangoti, "Ndamva, azakhali." Koma m'kati ndinkapsa, ndipo ndikupsabe pamene ndikulemba.

Ndiye kuti ndi zimene achibale akhala akunena m'mbali miyezi yonseyi. Esinati womana. Ine amene ndinkakutengerani ku chipatala mwezi ndi mwezi, amene ndinamva ndi makutu anga adokotala akunena kuti shuga wanu wakwera kwambiri, mukapanda kusamala impso zisiya ntchito. Ndani ankadzuka m'mamawa kukuphikirani phala la mgaiwa? Ndani ankakutsukani chilonda cha kuphazi chija? Iwo ankabwera Lamlungu masana atavala zoyera, m'chikwama muli mabotolo a zakumwa zotsekemera ndi masikono. Ankadikira ndituluke. Achikondi anali iwo, ine ndinali wapolisi.

Koma ndisabise, amene ndawakwiyira kwambiri ndinu. Inde, inuyo. Tili ana tikakanganirana chakudya munkati, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Ana asukulu zaka zonse zija munkawaphunzitsa kudziletsa. Nsomba munkaiwerengera timibulu, mdzukulu akafuna kuwonjezera kamodzi munkamumenya padzanja. Nanga masipuni a shuga m'kapu mwanu munkalepheranji kuwerenga? Ndikakufunsani munkati, "Cha mlendo sabweza, mwanangu, n'chipongwe." Chipongwe! Munaopa kukhumudwitsa alendo, n'kusiya ife amasiye. Posesa kuchipinda kwanu titachoka ku manda ndinapeza mabotolo asanu ndi awiri opanda kanthu kuseri kwa sutikesi. Sindinauze munthu aliyense. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo kulira kwake kunali kwaukali.

Azakhali anakwera basi dzulo osanditsanzika. Galasi ndalisamutsira kuchipinda kwanga, ndipo kabotolo ka chakudya ndikuyenda nako m'chikwama. Lero ndi tsiku lachiwiri Ahedi asakudya.

M'mawa uno ndisanapite ku ntchito ndinawasuzumira. Atandiona anayesetsa kuwongoka, anakwawa cham'mbali choncho mpaka kufika pagalasi, n'kumatsegula kakamwa kuyang'ana dzanja langa. Ndinazindikira ndatsegula kale chikwama. Ndinachitseka, n'kutuluka msanga.

Njira yonse ndinkangoona inu. Mukukumbukira Lachiwiri lija lomaliza? Munandiitana, mawu ali pansipansi, munati, "Esinati, tiyi wa shuga, sipuni imodzi yokha." Ndinati ayi, Amayi. Simunakangane nane monga mwa masiku onse. Munangotembenukira kukhoma. Lachinayi munapita, ndipo palibe china chimene munandipemphanso. Azakhali sakudziwa za tsiku limenelo, koma mawu awo anakagwera pomwepo. Ndikanadziwa kuti kwatsala masiku awiri ndikanakuthirirani masipuni atatu, n'kutakasa ndekha. Koma sindinadziwe. Ndinkafuna mufike Khirisimasi, mudzanyamule mwana wa Lonesi.

Ndiye musandiyang'ane choncho kumeneko. Ngati ndinalakwa, tidzakambirana tikadzakumana, ndipo mudziwiretu kuti nanenso ndidzabwera ndi mlandu wanga.

Pakali pano lonjezo langa ndi ili: Ahedi sadya lero, sadya mawa, ngakhale andipemphe motani, ngakhale ku Tamanda konse anditche mfiti. Mkucha akawongoka ndidzawapatsa kambulu kamodzi. Uyu yekha ndimumana mpaka achire.

Ndine mwana wanu womana uja, wokukondani kwambiri,

Esinati