Tiyezge Wakana Kuloza Kumwera

Okondedwa bambo a Tiyezge,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Manyamula tadzuka, kupatula amayi anu amene mwendo ukuwavutabe. Koma ine mtima suli m'malo.

Kusukulu ya ana osamva kuja, kumene amaphunzira Tiyezge wathu, kwabwera matabuleti. Mwana akakhudza liwu, pamatuluka chithunzi ndi munthu wolitchula ndi manja. Aphunzitsi akuti Tiyezge akuwerenga chomene.

Lachisanu nditapita kukamutenga, anandikokera pa tabuleti n'kukhudza liwu lakuti "bambo". Panatuluka mwamuna atanyamula mwana paphewa. Paja pakhomo pano tikafuna kutchula inu timangoloza kumwera, kumsewu umene munadzera. Ndinaloza monga mwa masiku onse. Tiyezge anagwira dzanja langa n'kulitsitsa, kenako anayendetsa manja mofulumira, nkhope itachita tsinya. Sindinatolepo kanthu, ine mayi wake!

"Akuti chiyani?" ndinafunsa aphunzitsi.

"Akuti uko ndi msewu, si bambo. Akufunsa ngati bambo ake alinso ndi mapewa."

Mbwenu ndinangomutenga n'kubwera naye kunyumba. Chibwerere sindikhazikika, ndikagwira khasu ndalisiya, ndikakhala pansi ndaimirira.

Chonde lekani kutumiza mawu apafoni oti ndizimupatsira moni. Jambulani kavidiyo akuoneni. Ndipo Khirisimasi ino mubwere, zoti "chaka chamawa" zandikwana. Kulankhula ndi manjako ine ndayamba kuphunzira, inunso yambani. Mwanayu tsopano akudziwa kufunsa, ndipo tsiku lodzakufunsani kumene munali, ine sindidzakuyankhirani.

Mulungu akusungeni, akubwezeninso kwanu.

Ndine mkazi wanu,
NyaJere