Nkhope Yanu pa Makoma a Katondo

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumene muliko? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inasiya kutupa, ndipo atate munawapeza. Kuno tilipo. Ndine Vero, mwana wanu wachiwiri. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ndiye mukaona zilembo zikupendekera musadabwe. Za dzanja lamanja ndifotokoza, koma ndiyambe ndi zabwino, poti munkati mlendo sumupatsa tsabola usanamupatse madzi.

Tereza anachira bwino. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Agnesi, dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndiponso mkwiyo wanu akachedwa kuyamwa. Amuna ake a Tereza athira simenti pabwalo lonse la nyumba yawo ku Ngungu kuti mwana akayamba kukwawa asamadye dothi, chifukwa a kuchipatala sanasiye kutichenjeza za mtovu wa mgodi wakale. Kumunda tinakolola chimanga chochepa, koma nshawa ndi mbatata zinachita bwino. Mpapaya wanu wa kuseri kwa khitchini unagwa ndi mphepo, ndipo malaiti akuzima monga munawasiyira.

Manje ndifike pa chimene chandikhalitsa pansi.

Masankho ayandikira, ndipo chigawo chonse chapakati chikuwira. Minibasi ya a Mwansa, amuna anga, sikuyendanso njira yake ya m'tauni ndi Ngungu. Ikubwerekedwa kunyamula anthu opita kumisonkhano ya ofuna uphungu, lero ku Kapiri, mawa ku Chibombo, mkuja ku Mkushi. A Mwansa akuti nkhope zimene amanyamula ndi zomwezomwezo, chosintha ndi chitenge chabe. Akuti mayi wina amasinthira m'basi momwemo, ndipo tsiku lina anaimba nyimbo ya chipani cholakwika mpaka anzake anamutsina. Ine pamsika ndasoka madiresi a zipani zonse, ndipo sindinadandaule, ndi ntchito. Ndinkayesa kuti phokosoli lidutsa pamsewu monga limachitira nthawi zonse.

Lalowa m'nyumba mwanu. A Domi, mwana wanu woyamba, akuima pa uphungu. Inde, a Domi omwewo amene anasiya komiti ya mpanda wa tchalitchi mpanda uli m'mawondo. Chipani chimene ankachivinira chinasankha munthu wina, iwo n'kupsa mtima, n'kunena kuti aima paokha. Theka la shopu yawo ya mapaipi ndi misomali alisandutsa ofesi. Chizindikiro chawo ndi ambulera. Nditamva ndinaseka, osadziwa kuti akunena ambulera wanu wakuda uja munkayenda naye pamaliro.

M'mawa wina ndikupita kumsika, ndinakumana nanu pakhoma la bala ija ili pafupi ndi poimira mabasi. Inu, amene munkawoloka msewu kuti musadutse pakhomo pake. Chithunzi ndi chija cha paukwati wa Tereza, mutavala duku la buluu. Atate anawadula, koma zala zawo zikuonekabe paphewa lanu. Pambali anaikapo a Domi atavala suti, mkono atakukolekani m'khosi. Pansi analembapo dzina lija la amake Domi anakupatsani anzanu achibemba m'chilankhulo chawo, limene komboni yathu yonse ya Katondo imakudziwirani: Voterani Domi, mwana wa Bana Domi. Ndinakupatsani moni, Amayi, pakati pa msewu, ndisanazindikire kuti ndikulankhula ndi pepala.

Sindinafike kumsika. Ndinalunjika kushopu.

"A Domi, amayi akuchita chiyani pakhoma la bala?"

"Iwe Vero, khala pansi," anatero. "Anthu a muno sandidziwa ine, amadziwa amayi. Ndani m'Katondo amene amayi sanamuphikire pamaliro? Ndani amene sanamusambitsire m'bale wake?"

"Ndiye akuima ndi amayi?"

"M'dzina lawo muli dzina langa. Sindinabe cha munthu."

Ndinawakumbutsa zimene munkatiuza tikamadandaula kuti mwatisiyanso ndi ndiwo za dzulo, zakuti pamaliro sitipita ndi dzina, timapita ndi manja. Anandiyankha kuti ndale sindizidziwa, ndibwerere ku makina anga. Munali anthu m'shopumo, ndipo iwo ndi aakulu kwa ine. Ndinangotuluka.

Zimene zinatsatira ndikuchita nazo manyazi kuzilemba. Pepala likakhala pakhoma limakhala la aliyense. Anyamata a munthu wina wofuna uphungu anakujambulani ndevu. Pafupi ndi njanji anamata nkhope ya munthu wawo pamwamba pa yanu, inu n'kutsala duku lokha. Ndinakupezani m'ngalande. Ndinagula kapenta, mtsikana wogulitsa n'kundikulungira mu tsaya lanu. Ndinaimbira Tereza kuti tipite limodzi tikalankhule ndi alongo athu, iye akuti ali ndi khanda, ndiponso Ngungu ili m'dera lina lovotera, nkhaniyi ndi ya ife a Katondo. Mwana wanuyo mumamudziwa, moto ukabuka amakumbukira kuti anasiya zovala padzuwa.

Chimene chinandimaliza ndi khoma la chimbudzi cha pamsika. Anakumatani m'mizere, kuyambira pakhomo la amuna mpaka pa la akazi. Masana omwewo ndinatenga ndowa ya madzi ndi mpeni wobuntha, ndinayamba kukupalani. Ndinali nditachotsa angapo pamene anafika anyamata ovala malaya a ambulera. Anali a ku komboni ya Makandanyama, sankandidziwa.

"Imwe amai, nindani anakutumani?" anatero mmodzi. "Mung'amba Bana Domi? Muziba ni ndani uyu?"

Ndinati, "Ndimawadziwa kuposa iwe. Ndi amayi anga."

"Bonse tikamba so," anatero, n'kundilanda ndowa. Ndinakana kusiya, wina n'kundikankha. Ndinagwera m'mphepete mwa ngalande, dzanja lili pansi. Azimayi a tomato ndi amene anakuwa kuti uyo ndi Vero, mlongo wake wa bwana wanu. Anyamata aja anayang'anana n'kumwazikana.

Taganizani, Amayi. Ndinagwetsedwa ndi anthu a mwana wanu, akukutetezani kwa ine.

Kuchipatala anati fupa lachita mng'alu, n'kundimanga pulasitala. Makina ali phee, pa nyengo imene ntchito yosoka ikusefukira. A Mwansa anafuna kupita kupolisi, ine ndinakana. Sindinafune kuti dzina lanu lichoke pakhoma n'kukalowa pawayilesi, ati ana a Bana Domi akutengerana kukhoti. A Domi sindinawauze. Ndinali nditakwiya mwakuti ndikanatsegula pakamwa, ndikanalankhula zosabwezeka.

Loweruka lapitali linali tsiku lovundukula mwala wa pamanda anu. Ndi wotuwa, wopanda maluwa ambiri, monga mukanafunira. A Domi anafuna kuti tilembepo Bana Domi m'zilembo zazikulu, ndipo apa pokha Tereza anaimirira n'kunena kuti ayi, munabatizidwa Agnesi, ndipo ana muli nawo atatu. Abambo ansembe anadalitsa mwala n'kufulumira kupita ku ukwati. Atangochoka, tinamva lole ikubwera pakati pa manda ndi zimkuzamawu pamwamba, yodzaza anyamata, aliyense nkhope yanu ili pachifuwa.

Monga woyamba kubadwa, a Domi ndi amene anayenera kuthokoza anthu. Anatenga maikolofoni. Anathokoza Abambo, anathokoza azimayi a mpingo, kenaka anakweza mawu n'kuyamba kuti, "Amayi anga akanakhala moyo, akanakuuzani kuti pa tsiku lovota..."

Sanamalize. Bana Mwape, mnzanu uja munkasambitsa naye maliro, anagwada pa fumbi n'kuyamba pemphero la kolona m'Chibemba, ndi mawu awo aja omveka mpaka kuseri kwa msika. Azimayi onse anagwada n'kuyankha. Munthu sungalankhule ndale pamwamba pa kolona, ngakhale uli ndi lole. A Domi anaima n'kudikira. Kolona itatha anakweza maikolofoni kukamwa, Bana Mwape n'kuyambanso ina, osatsegula ndi maso omwe. Dzuwa linali likuswa. Anyamata ena anavula zisoti, ena anazemba kukakhala pamthunzi wa lole. Woyendetsa zimkuzamawu anazimitsa yekha, chifukwa amayi ake anali mmodzi wa ogwada ndipo anamuyang'ana kamodzi.

A Domi anatsala ataima okha ndi chitsulo chosalankhula m'manja. Kenaka anagwada, suti ndi suti yomwe, pafupi ndi ine. Ndi pamene anaona pulasitala.

"Watani dzanja?" ananong'oneza.

Ine ndinali kupemphera, ndipo mapemphero anga sanali oyera kwenikweni. Anawayankha ndi Bana Mwape titatha, akukunkhumula mawondo.

"Ba Domi, ni anyamata anu anamugwetsa. Anali kuchotsa amai anu pa chimbudzi."

Alongo anga aja, amene akhala akulankhula osapuma kuyambira pa Pasaka, anangouza lole kuti ipite. Kunyumba kwanu anthu akudya, iwo anakhala kuseri osakhudza mbale.

Mawa lake titatuluka Misa anatenga lumo, n'kuyamba kuyenda okha khoma ndi khoma. Musafulumire kukondwa. Mapepala sanachotse, anati masiku atha, sangasindikizenso ena. Anangokudulanimo inu. Ndiye panopa Katondo yense wadzaza a Domi atavala suti, akumwetulira, atakumbatira chibowo. Ana a sukulu amalowetsamo mitu. Anthu ayamba kuwatcha Domi wa chibowo, ndipo iwo, m'malo mochita manyazi, akuti dzinali likuyenda bwino, anthu tsopano akuwadziwa paokha. Ine ndatopa, Amayi. Munthuyu munamulera bwanji? Koma malaya aja okhala ndi nkhope yanu sangabwezedwe. Dzulo ndinakuonani pamsana pa bambo wokankha wilibala ya makala, ndipo ndinangoyang'ana kumbali.

Dzana masana anabwera kwathu ndi malalanje, opanda lole, opanda munthu wowatsata. Anakhala pakhonde n'kundisendera limodzi, poti sindingathe ndekha. Kupepesa ndi pakamwa sanapepese, mukudziwa kuti amuna a kwathu kwa a Sakala mawu amenewo amawatsamwa. Anangoti anyamata aja awachotsa, ndipo akazi awo, mlamu wanga, azibwera kudzandichapira mpaka pulasitala itachoka. Kenaka anafunsa, maso ali pa makoko.

"Vero, udzandivotera?"

Ndinawafunsa chimene akufuna kukachita ku Nyumba ya Malamulo, kupatula kuvala suti. Ndinkayembekezera mawu aja a pa lole. Koma anati, "Mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba za Katondo chaka ndi chaka. Amayi ankakweza matilesi patebulo. Ine ndagulitsa mapaipi moyo wanga wonse, ndimadziwa kumene madzi aja ayenera kupita. Zina sindizidziwa, koma izo ndimazidziwa."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanalembe zimenezo papepala m'malo mwa nkhope yanu. Anati sanaganize kuti munthu angavotere ngalande.

Sindinawalonjeze kanthu. Ndinawauza kuti voti ndi chinsinsi, iwo n'kuseka mosakondwa. Kunena zoona, mpaka pano sindinadziwe. Mtima wina ukuti munthu amene anatha kumata mayi ake pa chimbudzi asapatsidwe dera lonse. Mtima wina ukuti enawo ndawasokera madiresi, ndamva zonena zawo, ndipo palibe amene watchulapo madzi. Munkati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, koma simunatiuze chochita ngati fodya yense ali pachala.

Tivota Lachinayi. Ndidzadzuka m'mawa, ndidzaima pamzere, ndipo chimene ndidzachite m'kachipinda kaja mudzachiona ndinu nokha. Chonde musawauze, ngakhale kutulo.

Chimene ndikukulonjezani ndi ichi. Tsiku lolengeza zotsatira ndidzakhala kunyumba kwawo. Akagwa, onse owaimbira adzakhala atasamukira kwa wopambana dzuwa lisanalowe, ndipo padzafunika munthu wowaikira madzi osamba ndi kuwauza kuti atsegule shopu Lolemba. Akapambana, tauni yonse idzayamba kuwatcha Onalebo, ndipo padzafunika munthu mmodzi wowatchabe Domi. Ntchito imeneyo inali yanu. Ndaitenga, ngakhale sindinaipemphe.

Moni kwa atate. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri mwezi uno.

Ndine mwana wanu,
Vero