Udzudzu wa M'nyumba Yosasesa

Lolemba, 5 Febuluwale 2024

Ganyu ndampeza, Alhamdulillah. Ntchito yake yoseketsa: kugwira udzudzu wamoyo m'nyumba za anthu. Umauyamwa pakhoma ndi kapaipi, n'kuuthira m'kapu yophimba ndi neti. A Thandi, mkulu wa kafukufukuyu, akuti m'mimba mwa udzudzu wina muli mabakiteriya olepheretsa kachilombo ka malungo kukula. Akawapeza, mwina n'kudzawafalitsa mu udzudzu wonse. Ndaseka. Chaka chino ife m'mimba mulibe kanthu, iwo akufufuza mimba za udzudzu.

Udzudzu ukapanda kukwanira pofika Lachisanu, a Thandi ndi anzawo achoka kuno ku Chikweo kupita ku Ngokwe, ganyu n'kuthera pomwepo. Chimanga kumunda chafota, ufa watsala wa masiku anayi.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Nyumba zisanu ndi imodzi, udzudzu utatu. Chikhalirecho ukutiluma tonse.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Vuto ndalidziwa. Anthu akamva kuti kukubwera alendo a ku Blantyre akulawirira kusesa, kupukuta makoma, kufukiza mpungabwi. Kwa a Abdulaziz mpaka azira pansi. Ndawapempha asiye. Akazi awo akuti, "Iyayi Salma. Tiyi womupatsa mlendo tilibe, ndiye apezenso nyumba yosasesa?" Andimvetsa chisoni.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Uwiri wokha. A Thandi ayamba kufunsa dalaivala za msewu wa ku Ngokwe. Ndachita mantha.

Nyumba yosafukiza yatsala imodzi, yathu. A Thandi ndinawanamiza kuti ili kutali, chifukwa cha manyazi. Denga lodontha, mbuzi pakhonde. Koma manyazi sadyeka, mawa ndibwera nawo kwathu. Tsache ndalibisa padenga la khola, amayi sindinawauze.

Lachisanu, 9 Febuluwale

A Thandi ndinakawachingamira kumsewu m'mamawa. Amayi atangoona galimoto anayamba kuzungulira bwalo kusaka tsache. "Salma, wandivula pagulu," anandinong'oneza. A Thandi anangowapatsa moni, kugwada kuseri kwa bedi ndi tochi, n'kuyamba kuseka okha. Udzudzu 47, wina wokhuta magazi athu omwe. Akhala kuno mwezi wonse, ndipo kwathu azibwera sabata iliyonse.

Amayi sakundiyankhula.

Loweruka, 10 Febuluwale

Ndatsitsa tsache kuti ndiwapepese nalo. Ndimati ndiyambe kuchipinda, amayi alilanda.

"Ukufuna uthamangitse ziweto zathu?"

Aliyika pansi pa mkeka n'kulikhalira.