Za Mabvuto ndi Pakamwa pa ba Abednego

Kabwata, Lusaka
Julayi 2004

Okondedwa Amayi,

Landirani moni kuchokera kuno ku Kabwata. Kodi muli bwanji kumeneko ku Chadiza? Nanga mawondo aja, ndi chisanu cha chaka chinochi, akukulolani kufika kudimba? Ine ndi ana tili bwino. Malonda a zitenje ku Kamwala ndi ogwetsa ulesi poti aliyense akuthamangira salaula, zovala zakaunjika zija, koma sitigona ndi njala.

Ndamva kuti uthenga wa ba Abednego, mlongo wake wa mpongozi wanu Exildah, wafika kale kumeneko. Sindikudabwa. Munthu uja nkhani sigona m'mimba mwake. Ndiye lekani za mwana wanu Mabvuto ndikuuzeni ine amene ndimamuona.

Mukudziwa kuti kampani ya boma imene ankagwirako ija itagulitsidwa, Mabvuto analowa ulonda panyumba ina ku Kabulonga. Mukudziwanso kuti mbava zinalowa pamenepo, iye zinamumanga, mnzake Chomba zinamupha iye akuona. Mabala a zingwe anapola, koma amene anabwerera kunyumba ku Chilenje si Mabvuto wanthabwala uja. Geti likangomenyeka amadzidzimuka, thukuta kamukamu. Ntchito anasiya. Mkazi wake Exildah amamuikira chakudya n'kudzachichotsa chitazizira.

Apo mpamene anatulukira ba Abednego, mkulu wa mpingo wa ku Woodlands, ndi jekete lawo lonyezimira ngati thumba la feteleza. Akuti anaphunzira za uphungu. Maphunziro ake anali a Loweruka limodzi, koma satifiketi ili pakhoma pabalaza kuti mlendo aliyense aione. Anamulowetsa Mabvuto m'galimoto, natseka magalasi, n'kumuuza kuti amasuke, zonse zikhala za awiriwo ndi Mulungu. Mwana wanu anakhulupirira. Anaulula zimene thupi lake linachita ndi mantha panthawi ija, zoti mwamuna sangauze ngakhale mkazi wake. Ine sindizilemba pano.

Lamulungu lotsatira Exildah anandiitanira kutchalitchi kwawoko, ine n'kumati tikukapemphera. Ba Abednego anagwira maiki, anamuimiritsa Mabvuto kutsogolo, n'kufotokozera mpingo wonse osasiyako kanthu, akuti umenewo ndi umboni woti mzimu wa mantha uchoke. Anthu n'kumawomba m'manja, Amayi! Atsikana a kwaya akubisa nkhope, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Ndinapsa mtima koopsa. Mabvuto anatuluka osayang'ana munthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo anatseka pakamwa. Ngakhale moni ankangoyankha ndi mutu.

Nditawafunsa, ba Abednego anandiyankha mosachita manyazi kuti chinsinsi ndi chakudya cha Satana, ndiponso kuti pachibale palibe chobisa. Nanga zawo bwanji sitinazimvepo pa maiki? Mbava zija zinamusiyirako kaulemu pang'ono, iwo ndiwo anadzatenga kotsalako, atavala tayi. Ndinawauza pamaso kuti kwanga asadzapondenso, ndipo Exildah analira koma sanawaikire kumbuyo.

Mnzanga wa pamsika ndiye anandiuza za ba Virginia, mayi wopereka uphungu pa kiliniki ina ku Chilenje komweko. Ndinapita naye Mabvuto nditakonzeka kumulankhulira, monga timachitira ndi wodwala kuchipatala. Mayiyo anandilandira bwino, koma asanafunse kanthu anayamba watiuza tonse awiri kuti zolankhulidwa m'chipindamo sizituluka, pokhapokha moyo wa munthu ukakhala pangozi. Anawonjeza kuti za tsiku la mbava lija Mabvuto adzanena akadzafuna yekha, ndipo ngati safuna palibe womukakamiza. Kenaka anamufunsa ngati akufuna kuti ine ndikhalemo. Anapukusa mutu. Ndinakakhala pa benchi panja, iye anasankha mpando woyang'ana kukhomo.

Poyamba ndinaona ngati n'kutaya nthawi. Ndinamupeza tsiku lina pakhonde akupuma pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa, Exildah n'kundinong'oneza kuti ndi zimene akumuphunzitsa. Bambo wa ana awiri kumaphunzira kupuma! Koma masabata akudutsa, munthu uja anayamba kupita yekha, osamukumbutsa. Pano akudya, ndipo akumaperekeza ana kusukulu.

Ba Abednego atamva, anathamangira ku kiliniki Baibulo lili kukhwapa, akuti monga mkulu wa banja komanso mlangizi mnzawo apatsidwe lipoti. Ba Virginia anawauza kuti sangawauze n'komwe ngati Mabvuto amabwerako kapena ayi. Anatuluka atafufuma ngati chule. Lero akufalitsa kuti mayiyo ndi wachikunja, ndipo nkhani yomwe inawakanika kuno aitumiza kwa inu, kuti muitane amalume ndi ankhoswe, Mabvuto akhale pakati afotokozenso zonse. Munthu anathyola mwendo wa mnzake, lero akufuna akhale patsogolo pomuphunzitsa kuyenda.

Dzana Mabvuto anabwera ku Kamwala. Anakhala pa katoni akundithandiza kupinda zitenje, kenaka osandiyang'ana anafunsa kuti, "Asisi, kodi Amayi anamva?"

Ndinafuna kukana, koma omunamiza akwana. Ndinamuuza kuti inde, ba Abednego anatumiza uthenga. Anangopitiriza kupinda chitenje chimene chinali m'manja mwake, ine mtima uli m'mwamba kuti basi watsekanso pakamwa. Kenaka anati, "Auzeni adikire. Ndidzawauza ndekha."

Ndiye pempho langa ndi limodzi, Amayi. Musaitane munthu aliyense. Ndikudziwa kuti kwathu nkhani yaikulu imakambidwa pagulu, koma iyi gulu linaimva kale, ndipo mwaona zimene linachita. Mabvuto akuti akufuna kubwera kumeneko mvula isanagwe. Akadzafika, mupatseni mpando ndi madzi, mumuuze za kudimba ndi za mbuzi zanu, osamufunsa kanthu. Mwina adzabwerera kuno osanena, zimenezo musadandaule nazo. Koma tsiku limene adzayambe, musadzamudule pakamwa kuti munamva kale. Mudzamumvere mpaka amalize.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi ana awo, kwa alamu anga, ndi kwa amalume. Amalumewo muwapatse moni wokha. Adzukulu anu akuti agogo asaiwale mtedza, ndipo Exildah akukupatsani moni atagwada.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Petronella